Fizikisi Yapita Kuchikamwini

Dzulo pa siteji ya pa Nkando amayi awiri osadziwana anakhala benchi imodzi, wina ndi dengu la nanazi, wina ndi buku latsopano pamiyendo. Inetu khutu ndinali nditatchera kale.

"Bukulo ndi la mwana wanu, mayi?" anafunsa a nanazi aja.

"Eya, la Elena. Walowa folomu 3, wasankha fizikisi. Akufuna unamwino."

"Muli ndi mwayi inu. Doris wanga amalotanso unamwino womwewo, koma kusukulu kwawo, cha ku Milonde uko, fizikisi aichotsa. Aphunzitsi ake, a Kingstone, anasamuka. Ana onse awakankhira ku zaulimi. Mwana wobadwira m'munda wa tiyi, kusukulu akaphunzirenso khasu?"

"A Kingstone aatali aja, a njinga yofiira? Ali kwathu amenewo. Anakwatira mwana wa achemwali anga, ndiye anapempha kuti aziphunzitsa pafupi."

"Oo, ndinu munatilanda?"

"Sitinalande ife. Mkamwini amatsata mkazi, si mwambo wathu?"

"Nanga ku Milonde kunalibe atsikana? Zaka zonsezi takhala tikuwanyamulira nthochi ndi chinangwa. Inu mwangopereka mkazi mmodzi, basi mwatenga ndi fizikisi yomwe."

"Pepani mayi."

"Koma banjalo likuyenda bwino? Sakangana?"

"Ayi ndithu, mwana ali m'njira."

A nanazi aja analiyang'anitsitsa buku lija.

"Nanga kwanuko kulibe wina wa fizikisi wosakwatira? Ndili ndi mng'ono wanga, nyumba tinamumangira kale."