Amayi Anakana Kutigawa

Akuwailesi, ine ndine gogo wa ku Utale. Ndiwerengereniko nkhani yangayi ena amve.

Tinabadwa ana asanu ndi anayi, nthawi ya atsamunda. Makolo athu anali Akatolika, ndipo mwana aliyense ankamulandira ngati mphatso ya Mulungu, ngakhale pakhomo panalibe ndi mbuzi yomwe. Msonkho utavuta, abambo anakwera sitima pa Balaka kupita ku Halale, n'kutchona komweko.

Chaka cha njala yayikulu, amalume anabwera kudzatigawa. Anati ena apite kwa achibale ku Kalembo, ine anditenge mayi wina wachisilamu wogulitsa nsomba, amene ankatimvera chisoni.

“Mlongo wanga, pakamwa pachuluka,” anatero amalume. “Mwamuna wako sabweranso.”

“Iyayi achimwene,” anayankha amayi. “Inu mukuwerenga pakamwa, ine ndikuwerenga manja.”

Amayi anatitengera ku Rivirivi, mtsinje uli gwa. Ana okulirapo ankafukula mchenga mpaka madzi atuluke, ife ang'onoang'ono n'kumatunga ndi zikho kuthirira mbatata imene tinadzala kumeneko. Tinaonda mpaka nthiti kuonekera, koma tinayamba kudya kholowa, kenako mbatata yeniyeniyo. Mayi wansomba uja ankabwera kudzasinthanitsa ndi matemba.

Patapita zaka abambo anatulukira, akutsokomola, atanyamula kasutikesi kokha. Anaima patali, kuopa kulowa pabwalo.

“Mwaika m'manda angati?” anafunsa chapansipansi.

Amayi anatiitana mmodzimmodzi, n'kutiimika pamaso pawo.

“Werengani nokha,” anatero.

Abambo anawerenga, n'kubwerezanso, kenako anangokhala pansi pafumbi, misozi ili chuchuchu.