Anandiuza Kuti Ndikapume Kaye

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, mtendere wa Ambuye ukhale m'nyumba zanu. Ine ndine amake Lusiya a ku Bangwe, kwathu ndi ku Nsanje, ndipo anzanga a ku mphakati akudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Lero ndapatsegula kuti ndiyamike Mulungu. Ndinachotsedwa ntchito popanda wondiuza kuti ndachotsedwa, ndipo mwana wanga anatsala pang'ono kusiyira sukulu panjira chifukwa cha mawu aulemu akuti "mukapume kaye".

Ndinkagwira ntchito m'shedi ina yosungiramo mbewu ku Makata. Dzina la kampaniyo sindilitchula, eni ake akudzidziwa. Tinkasankha nandolo, kupeta soya, kusoka matumba, ndipo mbewu zikachepa tinkasesa ndi kusanja katundu. Ndinalowa ntchitoyo bambo a Lusiya atangomwalira, mwanayo akadali ku pulayimale, ndipo zimene ndikunenazi zinachitika iye ali Fomu 3. Zaka zonsezo, dzinja ndi chilimwe, ndinali pomwepo, fumbi la nandolo lili tho m'chifuwa, koma dzina langa silinasinthe. Ndinali waganyu basi. Mashifiti ankagawa ndi kapitawo wathu, a Likaka, pageti m'mawa, ndipo chala chawo chikakuloza ndiye kuti ana adya.

Kenako kunabwera makina osankha mbewu. Mashifiti anayamba kudumphadumpha, lero walowa, mawa wabwerera pageti, mpaka tsiku lina a Likaka anandiitanira pambali. Anayankhula mofatsa ngati akupepesa maliro. Anati, "Amake Lusiya, mwagwira ntchito kwambiri, mukapume kaye. Zikayenda tikuyimbirani." Abale anga, ine ndinapinda mawondo n'kuthokoza. Mpaka lero ndikakumbukira kuti ndinati zikomo, magazi amandiwira.

Ndinapita kunyumba kukapuma monga anandiuzira. Foni sinkachoka m'manja, ngakhale kubafa ndinkapita nayo, kuopa kuti angayimbe ine ndili ndi sopo m'maso. Ikalira ndinkadumpha, kupeza kuti ndi uthenga wotsatsa malonda. Mwezi unatha, wina n'kulowa. Eni nyumba anayamba kundipatsa moni wopanda mano. Achimwene anga a ku Nsanje anayimba n'kunena kuti nditole katundu ndibwerere kumudzi, Lusiya akathandize kudimba, za sukulu zidzaoneka kutsogolo. Ine ndikudziwa mmene za mtsikana "zimaonekera kutsogolo". Chaka chisanathe amakhala ali pabanja.

Chimene chinandithyola mtima si njala ayi. Tsiku lina ndinapeza Lusiya atachapa yunifolomu yake, ataisita bwinobwino, akuilongedza pansi penipeni pa chikwama. Ndinamufunsa chimene akuchita. Anati mwana wa aneba akuyamba Fomu 1, mwina amayi ake angaigule. Sanalire, ndipo kusalirako ndi kumene kunandiwawa. Ndinatuluka panja n'kukhala kuseri kwa nyumba, ndinalira mpaka mutu kuwawa.

Lachinayi lake ku mphakati amayi anzanga anandipempherera, ndipo ambiri ankati ndipirire, Mulungu ali ndi nthawi yake. Ndimawakonda amayi amenewa, koma tsiku limenelo mawu akuti "pirirani" anamveka m'khutu mwanga ngati mng'ono wake wa "mukapume". Titamaliza kolona ndinapemphera mokweza, ndipo pemphero langa silinali laulemu kwenikweni. Ndinati, Ambuye, kupirira munandipatsa kokwana, musandionjezere. Ndipatseni miyendo ndi pakamwa, chifukwa mwana uyu sakupita kudimba ine ndili moyo.

M'mawa mwake ndinavala duku ndi epuloni yanga ya kuntchito, ndinayenda wapansi kuchoka ku Bangwe mpaka ku Limbe, n'kukwera minibasi. A Likaka atandiona pageti anachita ngati aona mzukwa. Ndinawapatsa moni n'kunena kuti, "Bambo, ndapuma, ndabwera." Anati ndipitirize kupuma. Ndinawafunsa kuti kupumako kukutha liti, iwo anangolowa mkati n'kutseka geti. Mawa lake ndinapitanso ndi mawu omwewo, mkuja chimodzimodzi. Masiku ena ndinalibe ya minibasi, ndinkayenda njira yonse. Anzanga ena ankandiseka, ena ankandinong'oneza kuti fupa lokakamiza limaswa mphika. Ndinkawayankha kuti mphika wanga unasweka kale, ndilibe choteteza.

Pambali pa getilo pankakhala mayi wina wachisilamu wa ku Maselema, Abiti Sumani, wogulitsa tiyi ndi zitumbuwa. Kwa zaka zambiri ubale wathu unali wa nthabwala basi. Ine ndinkamuti zitumbuwa zake zikuchepa ngati mabatani, iye ankanditi Asena sitikhuta. Malo amene ankagulitsirawo anali a chifundo cha a Likaka, ndipo aliyense ankadziwa kuti akangokwiya mayiyo achoka. Choncho sindinkayembekezera kanthu kwa iye. Koma ndi iye amene ankandisendezera kampando dzuwa likakula, n'kundithirira tiyi osafunsa za ndalama.

Tsiku lina ananditsina pamkono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Chemwali, m'katimo akuuza mabwana kuti munasiya nokha ntchito. Mukangokhala pano mukutha ngati sopo. Pitani ku leba." Ndinkaopa maofesi ine, ndinkayesa kuti amenewo ndi a anthu a matayi ndi mapepala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita ku ofesi yoona za apantchito ija tsiku lomwelo, epuloni ili m'chiuno.

Bambo amene anandilandira anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anandifotokozera kuti dzina loti waganyu silimaliza nkhani palokha. Amayang'ana mmene munthu wagwirira, kutalika kwa nthawi, ndiponso ngati ntchitoyo inali yokhalitsa. Anatinso ntchito ili ndi kathedwe kake, sikuti imangozilala ngati moto wa mapesi. Anaitanitsa a kampani, ndipo anandiuza kuti ndidzabwere ndi aliyense amene angandiikire umboni. Ndinayenda kwa anzanga a mushedi mmodzimmodzi, ku Ndirande, ku Machinjiri. Onse anakana, ndipo sindiwada, nawonso ali ndi ana amene amadya chala cha a Likaka.

Tsiku la nkhani linafika ndili ndekha. Mbali inayo kunali a Likaka ndi bwana wina wa muofesi, wonunkhira bwino, amene zaka zonsezo anali asanandiyang'anepo kumaso. Bwanayo anayankhula Chingerezi chambiri, koma mutu wake unali woti ine sindinali wantchito wawo, ndinali munthu wongobwera pakakhala ganyu, ndipo ndinasiya ndekha kubwera. Mumtima ndinati, Ambuye, miyendo munandipatsa, nanga pakamwa paja pali kuti?

Pomwepo chitseko chinatseguka, n'kulowa Abiti Sumani, thukuta lili kamukamu, mpango utapendekeka. Anali atasiya beseni lake la zitumbuwa kwa mlonda wa panja. Sindinamupemphe, Mulungu ndi mboni, chifukwa ndinkadziwa chimene angataye. Anakhala pansi n'kunena kuti iye analipo tsiku lija, anamva ndi makutu ake kapitawo akundiuza kuti ndikapume, ndipo wakhala akundiona ndikubwezedwa pageti m'mawa uliwonse. Bwana uja anatembenukira kwa a Likaka ndi diso lofiira. A Likaka, pofuna kudziyeretsa pamaso pa bwana wawo, anafulumira kunena kuti, "Ine sindinawachotse mayiwa, ndinangoti akapume kaye."

Apo ndiye pakamwa panga panabwera. Ndinapempha mwaulemu kuti ndifunse funso limodzi, n'kundilola. Ndinati, "A Likaka, munthu wongodutsa mumsewu mungamuitane n'kumuuza kuti akapume? Amapuma ndi munthu amene watopa ndi ntchito yanu, ndipo wopuma amakhala ndi pobwerera. Ngati ndine wanu, nditsegulireni geti. Ngati si ine wanu, nenani pano kuti ntchito yatha, ndimve ndi makutu anga." Bambo wa ku leba uja anayang'ana bwanayo n'kunena kuti funsolo nayenso akufuna amve yankho lake, chifukwa munthu sangakhale wosiya yekha ntchito komanso wouzidwa kuti akapume.

Ndisakunamizeni kuti zinatha tsiku lomwelo. A kampani anapempha nthawi, anazengereza, tsiku lina sanabwere n'komwe, ine n'kubwerera ku Bangwe ndi njala yanga. Koma mawu aja anali atawakola ngati mbedza, sakanathanso kuwameza. Pomaliza bwana yemwe uja anakhala moyang'anana nane n'kunena m'Chichewa chomveka kuti, "Mayi, ntchito yanu yatha chifukwa cha makina." Anavomera kundipatsa zimene munthu amalandira ntchito ikatha motero: za notisi, za masiku atchuthi amene sindinapumepo, ndi za zaka zimene ndinagwira. Mwamva bwino pamenepo, masiku opuma enieni ndinali nawo, ndipo zaka zonsezo palibe anandiuzapo kuti ndikapume. Kupuma anakukumbukira tsiku lofuna kunditaya.

A Likaka anamuthamangitsa Abiti Sumani pageti sabata yomweyo. Nditamva ndinapita ku Maselema kukamupepesa, iye n'kundiseka kuti ndalira moipa ngati mbuzi. Anati Mulungu amene amamupembedza Lachisanu salola kuti munthu aone bodza n'kumangokazinga zitumbuwa. Lero tili ndi benchi limodzi pamsika ku Bangwe, mbali ina nandolo ndi nyemba zanga, mbali ina tiyi ndi zitumbuwa zake, zimene mpaka pano ndi zazing'ono. Ine ndinapempha thandizo nditagwira kolona, ndipo Ambuye ananditumizira munthu wa ku mzikiti. Amene akufuna kukangana nazo akakangane ndi Mwini wake.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse zimene anthu ankandipempherera, koma zimene ndinalirira. Ndikuthokozanso amayi a ku mphakati amene ankandigawira ufa nthawi yonseyo. Kwa inu amene mashifiti anu angoti zii, amene mukugona ndi foni kumutu kudikira kuti akuyimbireni, musataye mtima, komanso musangokhala. Pempherani, kenako valani nsapato. Akakuuzani kuti mukapume, musafulumire kupinda mawondo ngati ine. Funsani kuti mpaka liti, ndipo funsani pali anthu. Pitani kumene amamva nkhani za apantchito ngakhale mulibe tayi. Mwina nkhani yanu sidzatha ngati yanga, koma musalole kuti zaka za thukuta lanu zithe ngati simunakhaleko.

Yunifolomu ija inatuluka pansi pa chikwama. Achimwene atayimbanso kufunsa kuti tikufika liti, ndinapereka foni kwa Lusiya, iye n'kuwauza kuti sangayankhule nthawi yaitali, akuchedwa kusukulu. Masiku ano akandiona ndikuchokera kumsika nditatopa, amandilandira dengu n'kunena mwadala kuti, "Amayi, mukapume kaye." Ndimamuponyera chitsononkho, tonse n'kuseka, kenako ndimakhaladi pansi n'kupuma, chifukwa pakhomo pano pobwerera ndili napo.