Diya wa pa Nkhuku

Owulutsa mawu, ndine nkhalamba ya kufupi ndi Kasina. Wondilembera ndi mdzukulu.

Nkhondo ya Jeremani isanayambe, amuna anga anabwera kuchokera ku Halale ndi Chizungu cha m'sitolo chokhachokha: haumachi, sikisi, tchenji. M'mudzi monse amene ankatha kuwayankha m'Chizungucho anali mayi wina wamasiye, amene anakhalapo ku Kabula. Akayamba kuseka awiriwo, ine mtima unkachita kuwawa.

Tsiku lina mayiyo anabwera kudzatsatsa nkhuku. Ndili kuseri kwa nkhokwe ndinamva amuna anga akuti, "Aa, diya! Diya!"

Ndinathamangira kwa aphunzitsi a ku mishoni kukafunsa tanthauzo la mawuwo. Iwo anati, "Ndiye kuti wokondedwa."

Pobwerera ndinaponya mphasa ndi chipewa cha amuna anga pabwalo. "Kazipitani kwa diya wanuyo!"

Ankhoswe atakhala pansi, aphunzitsi aja anadzikanda m'mutu. "Pepani, pa malonda mawuwa amatanthauzanso kuti chinthu chadula."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Ndinagwada n'kupepesa, ukwati unapulumuka.

Onse aja anatsogola, ndatsala ndekha. Koma omvera anzanga, tandiyankhani: ngati nkhukuyo inali yodula, anaiguliranji?