Ndinabwerera m'kalasi imvi zitamera kale

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo pondipatsa mpata. Amene simundidziwa, ndine Mayi Chirwa a ku Maryhill. Ndimakhala kumbuyo uko pafupi ndi hita, poti chisanu cha dziko lino sindinachizolowere mpaka lero.

Kale ndinkagwira ntchito ya uphungu ku Easterhouse, pa bungwe lina lothandiza anthu ovutika maganizo. Ndinali ndi kachipinda kanga, mipando iwiri ndi ketulo. Munthu ankabwera, kukhala pansi, kulankhula, ine kumvetsera. Ntchitoyo ndinkaikonda, abale. Ndinkaikonda ndithu.

Ndiye panali bambo wina wa konkuno, woyendetsa basi. Dzina sinditchula. Anayamba kubwera kwa ine mkazi wake atamwalira. Poyamba zinkayenda. Kenako anasiya kugona. Anayamba kumva mawu amene ine sindinkawamva. Tsiku lina anandigwira mkono, nati, "Mayi, ndithandizeni. M'mutu mwangamu simukukhala chete."

Ndinadziwa kuti apa pafunika mankhwala. Koma ine chilolezo cholemba mankhwala ndinalibe. Ndinaimba foni uku ndi uku, konseko ankati adikire. Anadikira, mpaka anamupeza akuyenda pakati pa msewu osavala nsapato, chisanu chili waa. Anapulumuka, Mulungu alemekezeke, ndipo anamugoneka m'chipatala. Koma ine nkhaniyo inandikhala pamtima.

Chakudya chinasiya kulowa. Munthu akulankhula, ine maganizo ali kutali. Wopereka uphungu uja ndinasanduka wofuna uphungu. Lamulungu ndinkabwera muno nditatchena, kuimba nanu limodzi, koma m'katimu muli mbee. Posakhalitsa bungwe lija linatseka nthambi yathu, ntchito n'kutha. Ndinangokhala m'nyumba, makatani osatsegula.

Tsiku lina bambo a kunyumba, awo akubisala kuseri kwa mzati awo, anabwera kuchokera kuntchito ku Govan. Anandipeza ndili ndwii pa sofa. Anati, "Amake Tadala, chikukupwetekani n'chiyani? Ntchito yathayi, kapena munthu uja?"

Ndinati, "Munthu uja. Dzanja langa linafupika."

Iwo anati, "Ndiye pitani mukaphunzire unamwino. Mankhwalawo muzikalemba nokha."

Ndinaseka, kuseka koyamba patapita nthawi yaitali. Ndinati, "Ndi imvi izi?"

Anati, "Kodi mayeso amalemba ndi imvi?"

Abale, ndinapita. M'kalasi ndinapezamo ana a msinkhu wa Tadala wanga. Tsiku loyamba mtsikana wina anandifunsa ngati mphunzitsi wake ndine. Atatitumiza kukaphunzira ntchito ku wodi, ine amene ndinali ndi ofesi ndinayamba kuyala mabedi, kusambitsa agogo, kutumidwa ndi anamwino obadwa dzulodzuloli. Ena muno munkanong'ona kuti Mayi Chirwa atsika. Ndinamva. Musaweramitse mitu, ndinakukhululukirani kalekale.

Kunyumba khitchini anatenga ndi a Chirwa. Munthu wodziwa kumanga sitima zapamadzi, koma mpunga unamukana. Lero wauwisi, mawa wopserera. Ana ankangoyang'anana, n'kumadya buledi mobisa.

Kenako anabwera mayeso a za mankhwala. Ndinalephera. Ndinalephera, abale, osati pang'ono. Anandiuza kuti ndikalepheranso, sukulu yathera pomwepo. Ndinalira m'basi njira yonse, mpaka gogo wina wachizungu anandipatsa switi, n'kundisisita paphewa ngati mwana.

Amayi a mumpingo muno anabwera kwathu Loweruka. Tinapemphera, tinaimba. Titanena ameni ine ndinadzuka kuti ndikatereke tiyi. Mayi Phiri anandibweza. Anati, "Achemwali, kupemphera tapemphera. Tiyi titereka tokha. Inu tsegulani buku." Anakhala nane tsiku lonse, kundifunsa mayina a mankhwala amene iwo eni ake ankalephera kuwatchula. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma zinalowa. Ulendo wachiwiri ndinakhoza.

Nditamaliza ndinagwira ntchito zaka zingapo ku wodi ya odwala matenda a maganizo. Kenako ndinabwereranso kusukulu kukawonjezera, ulendo uno popanda wondikankha. Lero ndine namwino wololedwa kupima wodwala ndi kumulembera mankhwala. Uphungu uja sunapite pachabe ayi. Ndimayamba ndamvetsera, cholembera chimabwera pambuyo.

Posachedwapa kunabwera mayi wina wachitsikana, wa khanda. Ankaopa kunyamula mwana wake yemwe, ndipo ankaopanso kuti akanena amulanda. Tinakhala, tinalankhula, tinagwirizana za mankhwala tsiku lomwelo. Atabweranso, mwana anali pachifuwa, akumukoka ndolo. Anati, "Pepani, sandipatsa mpata uyu." Ine mumtima ndinati, Ambuye, ndi zimenezitu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandidzutsa pa sofa paja. Ndikuthokoza a Chirwa, ndi inu amayi nonse.

Koma ndisanakhale pansi, alipo muno amene wabwera atatchena monga ndinkachitira ine. Mwaimba bwino, koma simukugona. Matenda a maganizo si uchimo, abale, ndipo pemphero ndi mankhwala sizikangana. Tikaweruka ndiima pakhomo apo. Simufunika kunena kanthu anthu akumva. Popereka moni mungondifinya dzanja pang'ono, ine ndidziwa, ndipo tikapezana.

Ambuye akudalitseni. Ameni.