Kamba wa Che Hassani

Chisanu chili pafupi kugwa, chipani chinalamula kuti banja lililonse kwa Kawinga lipereke chiweto chimodzi, mphatso yaufulu kwa Alendo Aakulu, ndipo wosafuna ufuluwo ankadziwa yekha. Willard, wotumidwa ndi tcheyamani, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano amadikira mpaka mvula, anapeza Che Hassani atatsekereza khomo la khola, pamiyendo pali kamba amene anamutola m'mawa womwewo m'mapesi akufuna pobisala kuzizira.

"Mphatso ija nayi," anatero Che Hassani, akupereka ndi manja awiri.

"Ameneyu ndi kamba."

"Ndi chiweto."

"Anandiuza kuti nkhuku, mbuzi, kapena chiweto china chilichonse." Willard anakanda mutu. "Kamba sanamutchule."

"Chilichonse chija ndi ameneyu."

"Nanga chikulira m'kholamo?"

"Thadzi la a Lukiya, akazi anga. Ndi limodzi lomwelo, likufungatira mazira. Ine pano ndine mkamwini, achimwene. Likachoka thadzilo, nanenso ndipinda mphasa."

"Kambayu munayamba liti kumuweta?"

"Kalekale. Amadya nafe, amagona nafe. Ndikamuitana amabwera."

"Tamuitanani."

Che Hassani anamuika pansi n'kuimba mluzu. Kamba anauyamba ulendo wakutchire. Anamubweza ndi phazi.

"Amachita manyazi ndi alendo."

Willard anagwada. "A tcheyamani anati mphatso izipita mokondwa. Ndimufunse kaye." Anaweramira pafupi. "Iwe, ukupita kwa Alendo Aakulu. Wakondwa?"

Kamba anabwezera mutu m'chigoba.

"Wabisa mutu."

"Ndi chisanu chimenecho."

"Dzuwa likuswa mtengo, Che Hassani."

"Akamba amayamba msanga kuzizidwa. Inu tangonyamulani basi."

Willard sananyamule. Anadikira mpaka mutu uja unasuzumiranso, ndipo anakuwa monga amachitira pamsonkhano: "Chipani!"

Mutu, miyendo, ndi kamchira komwe, zonse zinalowa.

Willard anadzuka pang'onopang'ono, akusasa fumbi m'maondo. "Pamsonkhano anatiphunzitsa. Womva dzina la chipani n'kubisa nkhope ndi chigawenga. Wosunga chigawenga pakhomo nayenso amapita."

"Amapita kuti?"

"Sananene. Amene anapitako sanabwere kudzatiuza."

Che Hassani mantha anawagwira enieni. Anabweza mapazi kutali ndi kamba.

"Mwati amadya nanu," anatero Willard.

"Ndani?"

"Amagonanso nanu."

"Walahi, nyama imeneyi ndaionera lero. Ife Asilamu ngakhale kudya sitidya. Ndangoipeza m'mapesimo."

"Mukamuitana amabwera."

"Mwaona nokha, wabwera? Ndi wakutchire ameneyu. Mwinanso wachokera uko, tsidya la Nayuchi."

"Kunja kwa dziko?" Willard maso anatuluka. "Wadumpha malire, inu n'kumulandirira pamiyendo?"

"Iyayi, iyayi. Ndi wakonkuno, wobadwira konkuno, makolo ake ndimawa... sindiwadziwa. Koma si wanga."

"Si wanu ndithu?"

"Ndilumbire kangati?"

"Chabwino, ndamva." Willard anagwedeza mutu ngati munthu amene watula mtolo. "Ngati si wanu, ndiye kuti simunapereke kanthu. Tasenderani."

Che Hassani, amene chiyambire m'mawa sanasunthe pakhomo paja, anasendera okha, natsegulanso okha. Willard anapisa dzanja n'kutulutsa thadzi likukuwa, naliika m'khwapa.

"A Lukiya akabwera ku msika wa Nsanama ndiwauza chiyani?"

"Kuti mwapereka mwaufulu. Mwapereka mokondwa, eti?"

"Mokondwa," anayankha Che Hassani, mutu uli chilili, poopa kuuweramitsa.

"Zikomo. Tsalani bwino."

"Nanga chigawengachi mukundisiyira?"

"Ine anandituma mphatso. Otola zigawenga ndi ena, ndikawauza."

Willard analowera kunjira. Che Hassani anayang'ana mazira akuzizira m'chisa, anayang'ana msewu wochokera ku Nsanama kumene kunkaoneka mayi atasenza dengu, kenako anagwada pafupi ndi kamba n'kugogoda pachigoba ndi chala.

"Odi, achimwene. M'menemo simungapezeke malo a munthu mmodzi?"