Anabwera Osapereka Moni

Kale ndinkamwa mowa ndekha. Sindinkapita kumalo omwerako, ndipo sindinkavuta munthu. Ndikaweruka kuntchito ndinkagula botolo, n'kutsikira m'chipinda changa chapansi ku Etobicoke, kuno ku Canada, n'kutseka chitseko. Palibe amene anandionapo ndikudzandira. N'chifukwa chake ambiri a inu, abale ndi alongo, mudabwa powerenga zimenezi.

Dzina langa ndine Limbani. Ndine uja amakhala mpando wakumbuyo, pafupi ndi khomo la tchalitchi.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono kwambiri. Nkhope zawo sindizikumbukira. Anandilera ndi agogo anga aNamoyo, ku Ntcheu. Iwo ankagulitsa tomato ndi mbatatesi m'mphepete mwa msewu waukulu. Sanali munthu wolankhulalankhula, ndipo ine ndinatengera iwo. Tinkatha kukhala tsiku lonse pamalonda, iwo akuunjika tomato, ine ndikuyang'ana magalimoto, osalankhulana kanthu, koma tili bwinobwino.

Popeza analibe wondisiyira, ankanditenga kulikonse, ngakhale kumaliro. Tsiku lina tikuyandikira nyumba ya siwa, ndinafuna kuthamangira amalume ena kuti ndiwapatse moni. Agogo anandigwira paphewa.

"Kumaliro sapereka moni," anatero. "Umangofika n'kukhala pansi. Mwini maliro aona yekha kuti wabwera."

Ndinabwera kuno ku Canada kudzaphunzira. Kenako ndinapeza ntchito yoyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, m'nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Lamlungu lililonse ndinkaimbira agogo pafoni ya msuweni wanga. Mafunso awo anali omwewo. Ukudya? Kukuzizira? Ukupita kutchalitchi? Ndikayankha, ankati, "Chabwino," n'kubweza foni kwa mwini wake.

Anamwalira pa nthawi imene mapepala anga okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Ndikanapita, sindikanatha kubwereranso. Ndinatsala.

Maliro awo ndinawaonera pafoni. Msuweni wanga ankaigwira m'mwamba, ndipo ndinkaona mitu ya anthu, mitengo, ndi kachigawo ka bokosi. Atayamba kutsitsira bokosi m'manda, chithunzi chinangoima. Ndinadikira. Pamene foni inalumikizananso, anthu anali akubwerera kumudzi.

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kupita kuntchito. Sindinauze munthu aliyense. Ndinkaona ngati ndikanena, wina afunsa kuti, nanga bwanji sunapite? Mayi amene anandibereka kumbuyo moyo wake wonse ndinalephera kumuponyera ngakhale dothi lodzaza dzanja.

Sindinalire. Misozi inakana kubwera. Mulungu sindinamunyoze, ndinangosiya kulankhula naye. Kutchalitchi ndinaleka kubwera. Kuntchito ndege zinkadutsa pamwamba pa denga tsiku lonse, ndipo iliyonse inkandikumbutsa ulendo umene sindinayende. Mowa ndi umene unkazimitsa phokosolo.

Tsono ndinene za magazini amene mwagwirawa, chifukwa Ambuye anadzera mmenemu.

Amene mwangobwera kumene mwina simudziwa kuti magazini ano satuluka mu ofesi ya abusa kapena kulikulu la mpingo wathu wa Methodist. Anawayambitsa ndi akhristu wamba, ndipo amawayendetsa okha. Mkonzi ndi Mayi Chisale, amene amasamalira okalamba ku Oakville. Amene amataipa ndi kukonza masamba ndi Mayi Gondwe, ogwira ntchito pachipatala ku Hamilton. Amawapindira patebulo la m'khitchini mwa Mayi Chisale. Satumiza papositi. Amati pepala lopanda munthu kumbuyo kwake silifika pamtima. Wogawa kudera lathu ndi Bambo Tembo, dalaivala wa basi, kwawo ku Chipata.

Bambo Tembo mumawadziwa nonse. Moni wawo umamveka iwo asanaoneke. Magazini akatuluka, ankatsika masitepe a kwathu akufuula.

"Iwe mufana wanga, niziba uli mukati! Nsapato zako zakugulitsa, zili pano pakhomo!"

Ine ndinkakhala chete pabedi. Iwo ankaseka okha, n'kulowetsa magazini pansi pa chitseko, n'kumapita. Sindinkawerenga. Ndinkaikapo botolo kuti lisanyowetse tebulo.

Inadutsa miyezi. Ndinayamba kumwa ndi m'mawa womwe. Lachisanu lina, nyengo yozizira ya chipale chofewa, ndinagunda shelefu ndi folokolifiti, ndipo makatoni anagwera pafupi ndi mnzanga. Sanavulale, Mulungu alemekezeke. Woyang'anira ntchito anandiyandikira, ananunkhiza mpweya wanga, ndipo anandiuza mwaulemu kuti ndipite kunyumba, ndisabwerenso mpaka nditapeza thandizo.

Ndinakhala pamalo odikirira basi. Mabasi ankabwera n'kumapita, ine osakwera. Zala zinasiya kumva kuzizira. Ndinaganiza kuti ndikangogona pachipalepo, palibe adzandifunse, chifukwa amene ankandifunsa ngati kukuzizira anali atapita. Mpaka lero sindikumbukira mmene ndinanyamukira pamenepo. Ndimangodziwa kuti ndinafika kunyumba.

Loweruka masana ndinamva mapazi pamasitepe. Anali a anthu angapo. Ndinadikira mfuu wa Bambo Tembo, koma sunamveke. Anangogogoda pang'ono, n'kusiya. Zimenezo n'zimene zinandidabwitsa, ndipo ndinatsegula.

Anali atatu: Bambo Tembo, Mayi Chisale ndi Mayi Gondwe. Amayiwo anali atamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi awo a nyengo yozizira, mipango kumutu. Bambo Tembo anali atagwira chipewa m'manja. Palibe anandiyang'ana m'maso. Palibe anati muli bwanji. Anavula nsapato n'kulowa. Amayiwo anaudutsa mpando, nakhala pansi pakapeti, miyendo yotambasula. Bambo Tembo anakhala pafupi ndi khomo, atazolika mutu.

M'chipindamo munali mabotolo. Munali fungo. Magazini awo anali patebulo, atadetsedwa ndi zipsera za botolo. Anaona zonsezo.

Ndinaima pakati pa chipinda, ndikudabwa. Bambo Tembo kulowa m'nyumba osapereka moni? Kenako ndinamva ngati dzanja la agogo paphewa panga, ndipo ndinazindikira.

Anabwera kumaliro.

Ndinakhala pansi. Tinakhala choncho nthawi yaitali. Mayi Gondwe anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ina imene timaimba poperekeza anzathu. Mayi Chisale anapolokoza. Ndipo misozi imene inakana miyezi yonse ija inabwera. Ndinalira mokweza ngati mwana. Palibe ananditonthoza kuti ndisiye. Mayi Chisale ankalira nane, ngakhale agogo anga sanawaonepo.

Pambuyo pake ndinamva mmene anadziwira. Mlamu wawo wa Mayi Chisale ankakonda kugula mbatatesi kwa agogo akamadutsa pamsewu uja. Tsiku lina anapeza pamalopo pali munthu wina, ndipo atafunsa anamuuza kuti agogo a Limbani, uja ali ku Canada, anamwalira. Iye ndiye anaimbira foni Mayi Chisale. Ndinamvanso lamulo lawo. Pa tsamba lokumbukira amene atisiya, salemba imfa imene angoimva pafoni kapena kwa anthu. Amayamba apita kwa woferedwa, n'kukhala naye, n'kumva dzina la malemu kuchokera pakamwa pake.

Dzuwa litapendeka, Mayi Chisale analankhula.

"Mwanangu, mayi amene wakulerayu anali ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke.

"Musadandaule," anatero Mayi Gondwe. "Masamba apita kosindikiza Lolemba, koma malo awo tiwasunga."

"Nanga ndikalephera kunena?" ndinafunsa.

"Akhala choncho. Ndi malo awo."

Asanapite, Bambo Tembo anandifunsa ngati ndingalole kuti apemphere. Pemphero lawo linali lalifupi. Anati, "Ambuye Yesu, inunso munalira pamanda a bwenzi lanu. Mwana uyu walira yekha mokwanira. Manje khalani naye." Atati ameni, ine ndinapitiriza. Kanali koyamba kulankhula ndi Mulungu chimwalirire agogo. Ndinangoti, "Ambuye, ndatopa. Nditengeni mmene ndililimu." Ndipo ananditenga.

Sindikunamizani kuti ludzu la mowa linatha tsiku lomwelo. Madzulo amenewo tinakhuthulira limodzi mabotolo musinki, koma masabata otsatira anali owawa. Ndinagwapo. Mayi Gondwe anandiperekeza kwa dokotala. Bambo Tembo anandipezera gulu la anthu amene amathandizana kusiya mowa, ndipo ankandidikira panja m'galimoto akudya mtedza. Ndikatuluka ankati, "Mufana, ukasiya mowa uyambe kulankhula, chifukwa ine nalema kukamba neka." Patapita nthawi, kuntchito anandilandiranso.

Magazini a mwezi umenewo ena mukuwakumbukira. Pa tsamba la malemu panali kabokosi kopanda mawu, koyera mbee. Ena munadandaula kuti osindikiza alakwitsa. Mkulu wina wa mpingo anauza Mayi Chisale kuti pamenepo pakanalowa chilengezo cha msonkhano wa amayi, m'malo mowononga pepala. Iwo anayankha kuti, "Abambo, pamenepo pali munthu. Tikudikira mdzukulu wake." Sanatchule dzina langa kwa aliyense.

Ine ndinatenga magazini amenewo n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Anthu amene sanali abale anga anasungira agogo anga malo m'dziko limene iwo sanapondemo. Ndinaganiza kuti ngati anthu angathe kudikira chonchi, kuli bwanji Mulungu? Nayenso anali atandisungira malo, osaikapo wina, miyezi yonse imene ndinamutsekera chitseko.

Loweruka lina ndinakwera basi kupita kwa Mayi Chisale. Ndinawapeza atazungulira tebulo, akukonza magazini otsatira. Ndinakhala pansi, ndipo ndinati, "Dzina lawo anali Esinati Namoyo." Mayi Gondwe anayamba kutaipa. Ndinawauza za tomato, za mmene ankaikira wamkulu pansi pa mulu osati pamwamba, kuti wogula akasangalale akafika kunyumba. Ndinawauza za mafunso awo a Lamlungu. Sizinali zambiri, koma zinakwana m'kabokosiko.

Lero ndili m'gulu la magazini ano. Sinditha kulemba bwino ngati Mayi Chisale, ndipo kompyuta ya Mayi Gondwe ndimaiopa. Ndimapinda masamba ndi kugawa. Koma kukamveka kuti wina waferedwa kumudzi, amatuma ine. Bambo Tembo amati pomaliza mpingo wapeza ntchito ya munthu wosalankhula. Ndimaseka, koma ndi zoona. Chimene ndinkachiyesa chilema changa, Ambuye achisandutsa utumiki.

Ndiyamika Yesu Khristu amene anandichotsa pachipale paja. Ndimuyamika chifukwa cha agogo anga amene anandiphunzitsa kukhala pansi. Ndimuyamika chifukwa cha atumiki ake atatu amene anakwera sitima ndi mabasi pa tsiku lawo lopuma, kudzakhala pakapeti yonunkha mowa. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Mbale wanga, mlongo wanga, ndikudziwa kuti tilipo ambiri kuno amene tinaika okondedwa athu pafoni, n'kudzuka m'mawa kupita ku shifiti. Mwina inunso simunauze munthu. Mwina muli ndi chimene chimakuthandizani kuiwala. Yesu akudziwa, ndipo malo anu sanawapereke kwa wina. Mulankhuleni, ngakhale ndi mawu awiri okha.

Ndipo ngati mawu akukanika, ingondigwirani dzanja Lamlungu pampando wakumbuyo paja. Tidzabwera kwanu. Mukadzamva kugogoda kwapansipansi, popanda moni, mudzatsegule.