Zikwangwani Pakapinga pa Kochi

Lachisanu masana, pamzere wogula matikiti a mpira wachimereka, wosewera atavala zisoti, pasekondale ya m'katauni kena ku Texas, bambo wa chipewa chachikulu anacheukira mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Kochi Varnell ameneyu ine ndikumukayikira, mayi. Tagonja katatu, iye ali kalikiliki ndi tiana ta zaka khumi ndi ziwiri. Chilipo chimene akubisa."

"Abise chiyani, bambo?"

"Akusaka ntchito kwina. Ati akumanga timu ya mawa. Mawa lake liti? Mwana wanga akumaliza chaka chino, koma amangokhala pabenchi, chisoti chake chilibe ndi kachipsera komwe."

"Tianato akutiphunzitsa kaseweredwe ka akuluakulu, kuti tikadzafika kusekondale kuno tisadzayambirenso."

"Mukulankhula ngati mumadya naye." Bamboyo anatsitsa mawu. "Komatu anthu amuonetsa kale msana wa njira. Lamlungu anadzuka n'kupeza zikwangwani zisanu ndi ziwiri pakapinga pake, zolembedwa kuti nyumba yake ikugulitsidwa."

"Zisanu ndi ziwiri? Munaziwerenga liti, poti zinazulidwa anthu asanayambe kupita kutchalitchi?"

"Aaa, mphekesera chabe."

"Zodabwitsa. Ndinazula ndine, ndipo kuchuluka kwake sindinauze munthu, ngakhale mwamuna wanga amene mukumunenayo." Mayiyo anayang'anitsitsa zala za bamboyo, zomwe zinali ndi timadontho tofiira. "Penti wofiira sachoka msanga, eti? Mukafuna matabwa anu, ali m'galaja mwathu. Ife sitikusamuka. Tasunthani, mzere wayenda."